Kampani ya madzi a m'mabotolo ikufuna kukumba pafupi ndi mjigo wathu: tiope chiyani, tiyeze chiyani?

Funso: "Ndine mlembi wa komiti ya mjigo m'mudzi mwathu. Kampani ina yagula malo kuseri kwa sukulu, mamita ngati 300 kuchokera pa mjigo wathu, ndipo akuti ikumba mjigo wakuya kuti izidzaza madzi m'mabotolo. Mwana wanga yemwe ali ku America akuti kumeneko kampani ya Nestlé inkapopa madzi ochuluka n'kumalipira madola 200 okha pachaka, pomwe anthu a mumzinda wa Flint ankamwa madzi a poizoni. Kodi ndi zomwe zikutidikirazi? Tichite chiyani asanayambe?"

Yankho: Bambo mlembi, mwana wanu sananame, koma wakupatsirani nkhani ziwiri zitamangidwa mtolo umodzi. Muzimasule musanapite nazo kumsonkhano, chifukwa mukakanena kuti "Nestlé inathira poizoni m'madzi a ku Flint", injiniya wa kampani adzangoti si zoona, adzakhala akunena zoona, ndipo nkhawa yanu yeniyeni idzafera pomwepo.

Flint ndi mzinda wa anthu pafupifupi 100,000 m'chigawo cha Michigan. Unkagula madzi otsukidwa kale ku Detroit, ochokera m'nyanja ya Huron. Pofuna kupulumutsa ndalama, pa 25 Epulo 2014 akuluakulu anayamba kutunga mumtsinje wa Flint. Madzi a mtsinjewo anali ndi mchere wa chloride wambiri, choncho ankadya chitsulo msanga, ndipo kotsukira madzi sankathiramo mankhwala a orthophosphate, omwe amapanga kachikutu kopyapyala m'kati mwa paipi kuti madzi asamakhudzane ndi chitsulo. Mapaipi ambiri olowera m'nyumba zakale anali a mtovu, chitsulo cha poizoni. Kachikutu kaja katasupuka, mtovu unasungunukira m'madzi akumwa. Mu Okutobala 2014 fakitale ya General Motors inasiya madziwo chifukwa ankachititsa dzimbiri zipangizo za injini, koma anthu anapitiriza kumwa chaka china chathunthu, mpaka dokotala wa ana Mona Hanna-Attisha ataonetsa mu Seputembala 2015 kuti mtovu wakwera m'magazi a ana. Anthu osachepera 12 anamwaliranso ndi matenda a Legionnaires, mtundu wa chibayo, pa nthawi yomweyo. Onani kuti zonsezi ndi za madzi a mumtsinje ndi mapaipi. Mjigo mulibemo.

Chitsime cha Nestlé chinali kwina, pafupi ndi tauni ya Evart, makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku Flint. Mu 2016 kampaniyo inapempha kukweza mapopedwe ake kuchoka pa malita pafupifupi 950 pa mphindi kufika pa 1,500. Anthu oposa 80,000 analembera boma kukana, ovomereza sanafike ndi 100 omwe, koma mu Epulo 2018 chilolezo chinatuluka, ndipo patangopita masiku ochepa boma linalengeza kuti lasiya kugawa madzi aulere a m'mabotolo ku Flint. Madola 200 aja sanali mtengo wa madzi. Inali ndalama ya mapepala, madziwo anali aulere. Chomwe chinamanga nkhani ziwirizi pamodzi n'chakuti nthambi imodzi ya boma, yoona zachilengedwe, ndiyo inalephera kuteteza Flint ndiponso ndiyo inasainira chilolezocho. Mkwiyo wa anthu unali womveka, koma dontho ngakhale limodzi la ku Evart silikanafika pampopi wa ku Flint.

Nkhani yofanana ndi yanu ndi ya Plachimada, mudzi wa m'boma la Palakkad ku Kerala, m'dziko la India. Coca-Cola inatsegula fakitale kumeneko mu 2000. Pasanathe zaka ziwiri anthu oyandikana nayo anayamba kudandaula kuti zitsime zikuphwa ndipo madzi otsalawo asintha kukoma, moti sakumweka kapena kuphikira. Zionetsero zinayamba mu Epulo 2002, ndipo mmodzi wa otsogolera anali mayi wina wa m'mudzimo, Mayilamma. Mu 2003 wailesi ya BBC inayezetsa matope omwe fakitaleyo inkapatsa alimi ngati manyowa, n'kupezamo zitsulo za poizoni, cadmium ndi mtovu. Khonsolo ya m'deralo inakana kuwonjezera laisensi, fakitale inaima mu Malichi 2004 ndipo sinatsegulidwenso. Komiti ya boma la Kerala inawerengera mu 2010 kuti zowonongeka zinali zokwana marupi oposa 2 biliyoni, koma bwalo lomwe linkayenera kugamula za chipukuta misozi silinakhazikitsidwe. Pa mlandu wonsewo kampani inkanena kuti zitsime zaphwa chifukwa cha chilala, ndipo chilala chinalikodi. Anthu analibe miyeso ya zitsime zawo ya nthawi yomwe fakitale inali isanabwere, choncho mkangano woti walakwa ndani pakati pa mvula ndi pampu unatenga zaka. Apa ndi pomwe inu muli ndi mwayi womwe iwo analibe: pampu ya kuseri kwa sukulu sinayambe kulira.

Kuti mumvetse zomwe zimachitika pansi, kumbukirani mmene amayi amatungira madzi pamchenga mtsinje ukauma. Wina amafukula kadzenje, madzi n'kumasonkhana pang'onopang'ono. Mnzake akafukula lake pafupi, lozamirapo, n'kumakapa ndi chikho mosalekeza, kadzenje koyamba kamatsika madzi ngakhale palibe waligwira. Akasiya, pakapita kanthawi onse awiri amadzazanso. Pansi pa nthaka ndi chimodzimodzi. Kulibe nyanja kapena mtsinje woyenda ngati wa pamtunda. Madzi amakhala m'timipata ta mchenga, ta mwala wofumbutuka ndi m'ming'alu ya thanthwe. Pampu ikayamba kukoka, madzi amatsika kwambiri pa mjigo pomwepo, ndipo kutsikako kumafalikira mbali zonse ngati fanulo, kozama pakati, kosaya kumphepete. Pampu ikamakoka ochuluka kwa maola ambiri, fanuloyo imakula. Funso lanu lonse lagona pa chinthu chimodzi: kodi mphepete mwa fanulo ya kampani mudzafika pa mjigo wanu, ndipo mukadzafika, madzi adzatsika mamita angati?

Palibe angayankhe zimenezo atangoima pamtunda, ngakhale akhale ndi madigiri angati. Mbali yaikulu ya Malawi, makamaka zigwa zokwera za Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba, ili pa thanthwe lakale lolimba lomwe pamwamba pake linafumbutuka mamita makumi angapo. Madzi ambiri amasungidwa mu gawo lofumbutukalo, ndipo ming'alu ya m'thanthwe la pansi imangokhala ngati mapaipi otengera madzi kuchokera pamwambapo. N'chifukwa chake mawu oti "ife tikukumba mamita 100, inu muli pa 40, sitikukhudzani" musawalandire msanga. Amakhala oona pokhapokha ngati pakati pa magawo awiriwo pali dongo lochindikala losalola madzi kudutsa. Ngati palibe, mjigo wakuya umamwa madzi omwewo kuchokera kunsi, monga munthu woboola mtsuko pansi. Ming'alu imakhalanso ndi kolowera: mjigo womwe uli pa mamita 500 motsata mng'alu ungatsike kwambiri, wa pa mamita 150 chopingasa osamva kanthu. Mamita 300 anuwo paokha sakutiuza zambiri.

Tiyeni tiwerengere. Mjigo wopopa ndi manja wa mtundu wa Afridev amauwerengera anthu 250. Aliyense akatunga chigubu chimodzi cha malita 20, ndi malita 5,000 patsiku. Pampu yamagetsi yaing'ono ndithu, yokoka malita awiri pa sekondi kwa maola 20, imatulutsa malita 144,000 patsiku, kufanana ndi mijigo ya m'mudzi pafupifupi 29 itaunjikana pamalo amodzi. Ya ku Evart ija, pa malita 1,500 pa mphindi, ndi malita oposa 2 miliyoni patsiku, mijigo yoposa 400. Musaiwalenso kuti madzi olowa m'botolo si onse omwe apopedwa. Makina osefera a reverse osmosis amataya gawo limodzi mwa magawo anayi, ena mpaka theka, la madzi omwe alowamo, ndipo ena amapita kotsuka mabotolo ndi pansi. Choncho akakuuzani mabotolo omwe azidzaza patsiku, afunseni malita omwe azipopa, chifukwa ndi nambala ina.

Adzakuuzaninso kuti madzi omwe atenge ndi kachigawo kochepetsetsa poyerekeza ndi mvula yogwa m'boma lonse, kapena ndi omwe mafamu othirira amagwiritsa ntchito. Kawirikawiri zimenezi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindingakuuzeni kuti kampani iliyonse ya madzi a m'mabotolo ndi mdani. Zambiri zimapopa zaka ndi zaka popanda woyandikana nazo kudandaula. Koma mjigo wanu sutunga m'boma lonse. Umatunga pa kadera kake kakang'ono, ndipo vuto likakhalapo limakhala la pomwepo. Ku Michigan komweko, m'dera la Mecosta, woweruza anagamula mu 2003 kuti zitsime zina za Nestlé zikutsitsa madzi a kamtsinje ka Dead Stream ndi madambo oyandikana nako, pomwe chigawocho chazunguliridwa ndi nyanja zikuluzikulu. Mlanduwo unatha mu 2009 pogwirizana kuti kampani ichepetse mapopedwe. Anthu anapambana chifukwa anali ndi miyeso ya kutsika kwa madzi.

Mmene mjigo umafera ndi motere. Tiyerekeze kuti mu Okutobala madzi a mu mjigo wanu amaima pa mamita 12 kuchokera pamwamba, silinda (gawo la pampu lomwe limakoka madzi pansipo) ili pa mamita 27, ndipo anthu akamapopa m'mawa wonse madzi amatsika mamita 8, kufika pa 20. Mwatsala ndi mamita 7 pamwamba pa silinda. Kampani ikatsitsa madzi a pamalo panu ndi mamita 5, mjigo uzitulutsabe ndipo palibe adzazindikire kanthu chaka choyamba. Chaka cha mvula yochepa madzi akatsika mamita ena atatu, silinda iyamba kukoka mpweya. Pamenepo aliyense adzaloza kumwamba kuti ndi chilala, ndipo theka lake kudzakhala kunena zoona.

Musafulumirenso kuimba mlandu kampani pa vuto la labala. Mjigo womwe umafuna kupopa kambirimbiri madzi asanabwere ukakhala kanthawi osagwiritsidwa ntchito, kenako n'kumatuluka bwinobwino, ndiye kuti vavu ya pansi kapena polumikizira mapaipi pakudontha. Imeneyo ndi ntchito ya makaniki wa m'dera. Mjigo womwe umayamba bwino, kenako madzi n'kumachepa, kumatuluka thovu, n'kufuna kuudikira mphindi 20 kuti ubwerere, umenewo ndiwo watsika madzi. Kuyesa kwake n'kosavuta: popani madzi atuluke kaye, kenako kokani chogwirira mokwanira ka 40 pa mphindi imodzi mukutchera ndowa. Afridev yabwino imapereka malita pafupifupi 16. Chitani zimenezi m'mawa anthu asanayambe kutunga, mubwerezenso masana mzere utatha, ndipo mulembe zonse ziwiri.

Tsopano za chitetezo cha madzi akumwa, zomwe ndi theka lina la funso lanu. Pampu payokha sithira poizoni, koma imasintha kolowera madzi pansi, ndipo madzi akasintha njira amabwera ndi zomwe apeza m'njiramo. Zimbudzi za pasukulu paja ndizo ndingayambe kuziyang'ana. Lamulo lachizolowezi loti chimbudzi chitalikire mamita 30 kuchokera pa mjigo linaganiziridwa pa mapopedwe a manja, pomwe madzi a pansi amayenda pang'onopang'ono ndipo tizilombo timafera m'njira. Pampu yaikulu imafulumizitsa ulendowo, ndipo ngati zimbudzi zili pakati pa inu ndi kampani, kapena inu muli pakati pa zimbudzi ndi kampani, mayendedwe a zoipazo angasinthe. Chizindikiro choyamba chimakhala kukwera kwa nitrate (mchere wochokera ku zonyansa), kenako E. coli (tizilombo ta m'chimbudzi).

M'madera ena vuto ndi mchere. Ku Chikwawa ndi Nsanje anthu akudziwa mijigo yomwe madzi ake samweka, ina ili pafupi ndithu ndi ya madzi abwino. Malo otere kupopa mwamphamvu kumakokera madzi amchere kumene kunali abwino, ndipo akalowa sabwerera msanga ngakhale pampu itazimitsidwa. Komanso madzi akatsika, mpweya umalowa m'miyala yomwe yakhala yomira kwa zaka zambirimbiri. Miyala ina ikakumana ndi mpweya imatulutsa chitsulo ndi sulphate, ndipo kum'mawa kwa chigawo cha Wisconsin ku America njira yomweyi inatulutsa poizoni wa arsenic m'zitsime za anthu. Palinso mjigo wa kampani womwewo: ngati mpata wa pakati pa paipi ndi khoma la dzenje sunatsekedwe ndi simenti kumtunda, umasanduka msewu wotsitsira madzi oipa a pamwamba kupita pansi. Ndipo pali madzi otayidwa. Omwe makina osefera akana amakhala ndi mchere wochuluka kuposa omwe analowa, kuphatikizapo sopo ndi mankhwala otsukira. Akamangothiridwa m'dzenje kuseri kwa mpanda, amabwerera pansi pomwepo. Ku Plachimada zinyalala za fakitale zinali mbali yaikulu ya madandaulo.

Koma choopsa kwambiri pa zonsezi n'chosafuna labotale. Mjigo ukayamba kuvuta, mzere ukatalika, anthu amabwerera kudambo ndi kumtsinje. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo njira yake ndi yomweyo. Kampani ingathe kusaipitsa dontho ndi limodzi lomwe, komabe ana n'kudwala chifukwa mjigo wasanduka wodikirira.

Chochita choyamba ndi kope latsopano lachikuto cholimba, loti musalembemo china chilichonse. Kuyambira sabata ino, tsiku limodzi pa sabata, ola lomwelo la m'mawa, yezani kuya kwa madzi m'zitsime zosatseka zitatu kapena zinayi za m'mudzi, zina za kufupi ndi malo a kampani, chimodzi cha kutali kwambiri, mwina kilomita ndi theka. Chakutalicho ndicho mboni yanu: chikatsika pamodzi ndi zinazo ndi nyengo, zapafupi zikatsika zokha ndi pampu. Pa chitsime chilichonse ikani chizindikiro cha penti pamlomo ndipo muziyezera pomwepo nthawi zonse. Tepi ya amisiri yomangirira kachitsulo kumapeto ikwanira. Pakani choko mita yomalizira, tsitsani mpaka inyowe, werengani nambala ya pamlomo n'kuchotsera gawo lonyowalo. Mulembenso masiku omwe mvula yagwa. Asaine anthu awiri, ndipo kamodzi pamwezi mlangizi wa zaumoyo kapena mphunzitsi wamkulu aikepo dzina, kuti mawa wina asadzati munalemba usiku umodzi.

Mjigo weniweniwo ndi wovutirapo kuyeza chifukwa ndi wotseka. Musatsitse tepi m'paipi yokwezera madzi n'kuganiza kuti mwayeza, popeza vavu ya pansi imasunga madzi m'paipimo mpaka pamwamba. Makaniki achotse marodi, pulanja ndi vavuyo, mudikire ola limodzi kuti madzi a m'paipi afanane ndi a mu mjigo, ndiye muyeze. Tepiyo muyambe mwaitsuka ndi madzi a klorini. Izi muchite kanayi pachaka, koma osaphonya kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, pomwe madzi amakhala atatsikitsitsa, ndi mu Epulo pomwe amakhala atakwera. Ku ofesi ya zamadzi ya pa boma funsani lipoti la okumba mjigo wanu, lomwe limanena kuya kwake, pomwe anapeza madzi ndi pomwe anaika silinda.

Madzi ayezedwe ku labotale kampani isanayambe, kamodzi m'chilimwe, kamodzi m'dzinja. Ofesi ya zamadzi ingakuthandizeni kutumiza ku labotale ya boma ya zamadzi ku Lilongwe kapena ina yovomerezeka. Botolo la tizilombo litengedwe ku labotale komweko, lisatsukidwe ndi madzi a pa mjigo, lisakhudzidwe m'kamwa mwake. Popani mphindi zingapo musanatunge, liikeni m'bokosi la ayezi ndipo lifike tsiku lomwelo, makamaka pasanathe maola 6. Botolo lomwe lagona m'thumba pa minibasi limapereka zotsatira zabodza. Pemphani E. coli, nitrate, fluoride, mtovu, arsenic, chitsulo, chloride, sulphate ndi kuchuluka kwa mchere wonse. Malire a bungwe la WHO ndi awa: E. coli isapezeke m'mamililita 100, nitrate isapose mamiligalamu 50 pa lita, fluoride 1.5, ndipo mtovu ndi arsenic zisapose mamaikulogalamu 10 pa lita. Ngati m'mudzi muli ana a mano a mawanga ofiirira, fluoride angakhale anali wokwera kale, ndipo ndi bwino mudziwiretu kuti musadzanamizire kampani. Kachipangizo koyezera mchere kokhala ngati cholembera n'kotsika mtengo, ndipo komiti ingamayeze nako sabata iliyonse. Sikaona tizilombo, koma nambala yake ikamakwera mwezi ndi mwezi ndiye kuti pansi pakusintha kanthu.

Pa za malamulo, kugula malo si kugula madzi a pansi pake. Malinga ndi lamulo la zamadzi la 2013, wopopa madzi kuti achitire malonda amafunika chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority, pomwe kutunga kwa pakhomo sikufuna chilolezo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA, lomwe limaona ngati ntchito ikufunika kafukufuku wa mmene ikhudzire chilengedwe ndi anthu. Lemberani mabungwe awiriwa kudzera kwa a gulupu, komiti ya chitukuko ya m'dera ndi ofesi ya DC, mufunse ngati pempho la kampaniyo linafika, likupempha malita angati patsiku, ndipo mulembetse nkhawa yanu chilolezo chisanatuluke. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo mungalitchule m'kalatamo. Sungani kope lodindidwa. Mawu a pansi pa mtengo, ngakhale a mfumu atakhalapo, sakhala umboni.

Chomwe muyenera kuumirira kuposa zonse ndi kuyesa kwa mapopedwe, mjigo wanu uli m'gulu la oyezedwa. Akamaliza kukumba, okumba odziwa ntchito amayamba ndi kupopa mokweza pang'onopang'ono, magawo anayi a ola limodzi kapena awiri, kuti aone mphamvu ya mjigo. Kenako amapopa mosalekeza pa mlingo umodzi. Pa mjigo wa malonda musavomere maola ochepera 72, ndipo mlingowo ukhale womwe adzapopere masiku onse. Pa masiku atatuwo wina aziyeza mjigo wanu ndi zitsime zija, pafupipafupi poyamba, kenako ola lililonse. Mudzi ukonzekere kutunga kwina kapena kampani ibweretse thanki, chifukwa mukamapopa wanu miyeso imasokonekera. Pampu ikazima apitirize kuyeza mpaka madzi abwerere pafupifupi pomwe anali. Mjigo womwe wapopedwa masiku atatu koma patatha masiku ena atatu sunabwerere ukukuuzani kuti nkhokwe yake ndi yaing'ono.

Chinyengo chimalowa pawiri. Kuyesa kwa mu Febuluwale, nthaka itakhuta, kumaonetsa zabwino zokhazokha. Kuchitike kumapeto kwa chilimwe. Ndipo madzi otuluka poyesa atayidwe kutali ndi paipi, mamita 100 kapena kuposa, kumunsi, chifukwa akathiridwa pomwepo amalowanso pansi n'kubisa kutsika kwenikweni. Dziwaninso kuti maola 72 saona zonse. Fanulo ija imapitiriza kukula kwa miyezi, choncho mjigo wanu ukatsika masentimita 30 okha pa masiku atatu musati n'zochepa. Katswiri wa boma awerengere kuti pakatha miyezi isanu ndi iwiri yopanda mvula adzakhala mamita angati.

Zotsatira zikakhala zabwino, palibe chifukwa chokanira kampaniyo, koma mgwirizano ulembedwe. Pa paipi yotuluka mu mjigo wawo pakhale mita yomata, yomwe a komiti aziwerenga nawo mwezi uliwonse. Mu mjigo wanu aikemo kapaipi kopyapyala kotsitsiramo choyezera, kuti musamachite kuzula marodi. Mugwirizane nambala yoimitsira: mwachitsanzo, madzi a pa mjigo wanu akatsika mamita awiri kupyola a mwezi womwewo m'kope lija, pomwe chitsime chakutali sichinatsike chotero, kampani ichepetse mapopedwe ndi theka mpaka abwerere. Mulembe yemwe adzalipire kutsitsa silinda kapena kukumba wina, ndi masiku omwe adzachitire zimenezo. Afridev siyenera kukweza madzi kupyola mamita 45, choncho kutsitsa silinda kuli ndi polekezera. Mulembenso komwe madzi otayidwa azipita, ndi kuti mgwirizanowo udzamanga aliyense wogula fakitaleyo. Nestlé inagulitsa mbali yaikulu ya malonda ake a madzi a ku America ndi Canada mu 2021, ndipo zitsime za ku Michigan zinapita m'manja mwa eni ena pansi pa dzina la BlueTriton.

Mwina adzakulonjezani mpopi pa mpanda wawo. Landirani, koma musalole kuti ulowe m'malo mwa mjigo wanu. Mpopi wa pa mpanda umatseka magetsi akazima, bwana akasintha kapena mukayambana. Ndipo lonjezo la mabotolo aulere pa nthawi ya vuto ndi lopanda mchere: banja la anthu asanu limafuna malita 100 patsiku, omwe ndi mabotolo 200 a theka la lita. Botolo lokhalo silitsimikiza kuti madzi ndi abwino. Ku France mu 2024 Nestlé inavomera kuti inkasefa mobisa madzi omwe inkagulitsa ngati achilengedwe osakhudzidwa, ndipo mu Epulo chaka chomwecho mabotolo osachepera 2 miliyoni a madzi ake otchedwa Perrier anawonongedwa tizilombo ta m'chimbudzi titapezeka m'chitsime china mvula yamphamvu itagwa. Kuno chizindikiro cha MBS pa botolo chimanena za madzi a m'botolomo, osati za mjigo wa oyandikana ndi fakitale.

Akakana kukuonetsani mita, muli ndi njira ina yosafuna chilolezo cha wina aliyense. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho lole ya matani 30 yodzaza imanyamula malita osapitirira 30,000. Mnyamata wokhala pafupi ndi geti awerenge malole otuluka kwa sabata imodzi, muchulukitse, muwonjezerepo gawo limodzi mwa magawo atatu la otayidwa, ndipo nambalayo muiyerekeze ndi yomwe yalembedwa pa chilolezo chawo.